Foni ya pa Mtengo wa Bwemba

Chaka chimene ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Kambombo, mkazi wanga anali ndi pakati, choncho anatsala kwa makolo ake ku Chipata. Ndinapita ndekha ndi foni m'thumba, koma kumeneko foniyo inangosanduka tochi. Netiweki kunalibe.

Mphunzitsi mnzanga, mayi amene anali atakhalitsa kumeneko, anaseka atandiona ndikuzungulira bwalo la mpira, foni ili m'mwamba.

"Aphunzitsi, muvutika chabe. Tiyeni kuchulu."

Chulucho chinali kuseri kwa minda ya chimanga, ndipo pamwamba pake panamera mtengo wa bwemba. Pathunthu lake wina anakhomerapo botolo lapulasitiki lodula pakati. Ukaika foni m'botolomo, netiweki inkabwera. Ukangoichotsa kuti uike kukhutu, inkathawa. Motero aliyense ankalankhula foni ili m'botolo, mawu atawakweza, ndipo odikira pansi ankamva zonse.

Poyamba ndinachita manyazi, koma anthu anali atapanga kale mwambo wawo. Nkhani ikakhala ya malonda a mpunga, onse ankatchera khutu, ena n'kumathirapo ndemanga. Ikakhala ya matenda, pankangoti zii. Koma munthu akaimbira wokondedwa wake, amayi ankafulatira n'kuyamba nyimbo ya kwaya mokweza, kuti awiriwo alankhule momasuka. Mayi wina ankagulitsa vitumbuwa pomwepo, ndipo kalipentala wa m'mudzimo anali ataikapo benchi.

Inenso ankandiimbira nyimbo. Tsiku lina mkazi wanga anafunsa kuti, "Kodi inu, masiku onse mumakhala muli kutchalitchi?"

Loweruka lina masana ndinakwera pachulu n'kuimbira mkazi wanga monga mwa masiku onse. Amayi aja anayamba nyimbo, koma atamva kuti wayankha ndi munthu wachikulire, analeka mmodzimmodzi. Anali apongozi anga aakazi.

"Ndinu atate ake a mwana?"

"Mwana uti, amayi?"

"Wabadwa m'mawa uno. Wamkazi. Onse ali bwino."

Ndisanatsegule pakamwa, nthungululu zinaphulika pansi pa chulu. Bambo wina amene ankadikira kuimbira wogula mbuzi anaponya chipewa m'mwamba, chinakakodwa panthambi.

"Iii, mwasonkhanitsa mudzi wonse?" anadabwa apongozi. "Munadziwa bwanji?"

Mayi wa vitumbuwa anakwera chulu, manja ali mafuta okhaokha, n'kuyandikiza pakamwa pabotolo. Analankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chisenga: "Amama, mwana uyo ni wathu na ise. Manje mumusunge bwino, tifuna timuone kuno!"

Ine ndinangogwira thunthu la bwemba, ndikuseka misozi ili mbwee. Tsiku limenelo palibe anandifulumizitsa kuti nditsike.

Masiku ano kuderalo kuli nsanja ya netiweki, anthu amaimba foni ali m'nyumba zawo, chitseko chotseka. Koma ndinakatenga banja langa nsanjayo isanamangidwe, mvula itangotha, msewu utauma. Titatsika lole, mkazi wanga anapereka moni kwa amayi amene anali pamjigo. Ndisananene kuti ndi ndani, mmodzi anasiya chidebe n'kufuula:

"Mawu aja ni awa!"

Anamumasula mwana kumsana n'kuyamba kupatsirana, wina kumuvinitsa, wina kuyerekeza mphuno yake ndi yanga. Tinalowa m'nyumba yathu awiri okha, tikumva phokoso lawo likulowera kumidzi. Mwanayo anatibwezera dzuwa litapendeka, ali m'tulo, atamufunditsa chitenje chachilendo.