Khobidi Limene Silinafike ndi Mbiya

Kumyuziyamu onse ankawatcha Mayi Fumbi, ndipo iwo ankavomera. Nanga akanatani? Anakolopa chipinda cha makobidi akale zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo mabwana asanu anabwera n'kupita popanda wofunsa dzina lawo lenileni.

Chipindacho chili kuseri kwa masitepe, chopanda zenera. Muli makabati a madirowa opyapyala, dirowa lililonse lili ndi timaenje, ndipo m'kaenje kalikonse mwagona khobidi pamwamba pa kapepala konena kumene linapezeka. Tsiku loyamba anawauza kuti asayerekeze kukwecha khobidi kuti liwale, akuti dzimbiri lobiriwira lija ndiye mtengo wake. Kunyumba mphika wadzimbiri umachititsa manyazi, koma kuno dzimbiri amalivalira magolovesi.

Ntchitoyo sanaipeze mwangozi. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo awo akukumba dzenje la chimbudzi, piki inagunda mbiya yodzaza makobidi. Anansi anati akagulitse kwa ogula zitsulo. Bambo anakana. Anakulunga mbiya m'bulangete n'kukwera nayo basi, mwana wawo ali pambali atagwirira kuti isagubuduke. Mkulu wa myuziyamu wa nthawiyo anawapatsa moni wa manja awiri, n'kulonjeza kuti dzina lawo lilembedwa pagalasi. Ndiye pagalasipo analemba kuti: "Inapezedwa ndi mlimi wina."

Mlimi wina! Munthu wokonza njinga, amene ngakhale tomato wa pakhonde ankamufera. Bambo ankabwera chaka ndi chaka atavala jekete, kudzaona ngati akonza, n'kubwerera akuti mwina chaka chamawa. Atamwalira, amyuziyamu anapepesa ndi ndowa ndi chokolopera, n'kulemba mwana wawo ntchito. Kuyambira pamenepo Mayi Fumbi ankapukuta galasi lija m'mawa uliwonse, mtima ukuwawa, akufuna chinthu chimodzi chokha: dzina la bambo awo lilembedwe.

Koma panali kanthu kamene sanauze munthu. M'basi muja bambo anapisa dzanja pakamwa pa mbiya, n'kutulutsa khobidi limodzi laling'ono la pamwamba. "Ili ndi lako, mwanawe, wandithandiza kunyamula." Linakhala m'kabotolo ka mafuta odzola pansi pa sutikesi zaka makumi anayi ndi zina.

Bwana womaliza anali Pulofesa, munthu wa mawu ofewa, wopereka moni akuyang'ana pakhoma. Kutchuka kwake konse kunachokera m'mbiya imeneyo, poti analemba buku lalikulu lonena kuti inakwiriridwa pa nkhondo ya mfumu ina yandevu, imene nkhope yake ili pa makobidi onse. Ankaphunzitsa ophunzira ake kuti mbiya yokwiriridwa imadziwika zaka zake ndi khobidi latsopano kuposa onse, popeza munthu sangakwirire ndalama imene sinasulidwe. Mayi Fumbi anazimva kambirimbiri mpaka ankatha kumalizitsa mawu ake chamumtima akufinya chokolopera.

Tsiku lina Pulofesa anaonetsa ophunzira chithunzi cha khobidi la mwana wa mfumuyo, amene analamulira patapita zaka makumi atatu: nkhope yopanda ndevu, kuseri kuli bwato. "Likanapezekamo limodzi lokha lotere," anatero akuseka, "buku langa lonse mukanayatsira mbaula." Ophunzira anaseka. Mayi Fumbi anangoti kakasi, madzi akudonthera pa nsapato zawo. Bwato limenelo ankalidziwa kuyambira ali mwana.

Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti Mayi Fumbi apume pantchito, ndipo mapepala a pagalasi anali pafupi kulembedwanso. Anaganiza kuti mwayi ndi womwewu. Akawapatsa amyuziyamu khobidi lija, chinthu chachikulu chotere, angakanenso bwanji kulemba dzina? Ataulula chinsinsicho kwa mwana wawo wamkazi, iye anawaletsa. "Amayi, anthu amenewo munawaonapo akubweza chinthu?" Iwo anati anthu ophunzira amakonda choonadi, iwowo akhala akuwamva zaka zonsezi.

Lolemba m'mawa anagogoda pa ofesi, n'kuika khobidi pa tebulo ndi manja awiri.

"Bwana, ili linali m'mbiya ija. Pamwamba penipeni. Bambo anga anandipatsa m'basi."

Pulofesa anatenga galasi lake lokulitsira. Analiyang'ana kumaso, kuseri, m'mbali. Analiika pa sikelo. Anatulutsa limodzi la m'mbiya n'kuwagoneka pamodzi, ndipo dzimbiri lake linali lofanana ndendende, ngakhale wokolopa akanaona. Thukuta linayamba kutsika kuseri kwa khutu lake.

"Ndi lenileni," anatero potsiriza. "Koma mayi, umboni woti linali m'mbiyamo uli kuti? Anaona ndani?"

"Ndinaona ine, bwana. Ndinalipo."

"Munali mwana."

"Mwana wa maso awiri, bwana."

Pulofesa sanaseke. Anati sayansi siyendera zokumbukira za ana, ndipo khobidi lopanda kapepala n'chimodzimodzi lotola pamsewu. Mayi Fumbi anati chabwino, ngati lilibe ntchito awabwezere, ndi chokhacho chimene bambo anawasiyira. Anatambasula dzanja. Pulofesa anaphimba khobidilo ndi chikhatho, n'kunena mofatsa kuti lamulo silola munthu kusunga chinthu chakale kunyumba, ndipo chikalowa muno sichituluka.

Kenaka Pulofesa anakoka fomu m'dirowa, n'kutsegula cholembera.

"Bambo anuwo dzina lawo anali ndani? Lonse."

Mayo ine, mtima wa munthu ndi wopusa bwanji! Unadumpha ndi chimwemwe. Mayi Fumbi anaimirira bwinobwino, n'kukonza yunifolomu, n'kutchula dzinalo pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, kuopa kuti angalakwitse. Anabwerezanso. Misozi inali italengeza. Aka kanali koyamba dzina limenelo kumveka m'nyumba imeneyi chichokereni mkulu wa moni wa manja awiri uja.

Pulofesa analemba mwaukhondo ndithu, osaphonya chilembo. Atatha anatembenuza pepala, n'kuloza pamzere wapansi. "Sainani apa."

Mayi Fumbi anavala magalasi awo n'kuwerenga. Pamzere wa kumene khobidi linapezeka panalembedwa kuti sikudziwika. Dzina la bambo awo linalipo, lonse, m'zilembo zazikulu, pamzere wakuti: "Amene anabisa katunduyu mosemphana ndi lamulo."