Njinga Imene Inatsika Kudenga

Amene anayamba kundiuza anali alamu anga, mlongo wa malemu amuna anga, amene amagulitsa zitumbuwa kumsika wa ku Chipyela. Anandipeza ndikuvuula chinangwa chomwe ndinaviika, ndipo tisanapatsane moni wokwanira anati mwana wanga wamwamuna amuona kofikira sitima akulandira katundu. Ndinati mwina wina wamutuma. Iwo anapukusa mutu.

"Alamu, ndi matayala. Awiri, owonda ngati chala changachi. Wawakoloweka m'khosi ngati mkanda, akumwetulira yekha."

Ndinakhala pansi pamwala pomwepo.

Kuti mumvetse chimene chinandikhazika pansi, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mwa ana anga aamuna, ameneyu ndi yekhayo amene Ambuye anandisiyira. Chaka chija tinavota koyamba zipani zambiri, iye anawoloka nyanja kukafuna ntchito ku Mzuzu, ndipo anakalembedwa ndi bambo wina wokonza njinga. Kuno ku Likoma njinga sitinkaiwerengera. Kuchoka kwathu ku Khuyu kupita kutchalitchi ndi miyendo, kupita kumaliro ku Yofu ndi miyendo. Ndiye pamene anabwera kudzationa n'kumatiuza kuti kumtunda kuli anthu amene amapalasa njinga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osanyamula thumba, osapita kukaona wodwala, kungofuna kuona kuti wofika msanga ndani, ine ndinaseka. Ndinamufunsa kuti ukafika kumeneko umakatengako chiyani. Anati palibe, umangofika basi. Koma ulendo wina anandibweretsera bulangete limene anapata pa mpikisano wa njinga, ndipo mpaka lero ndimafunda lomwelo, ngakhale linaperepeseka pakati.

Sizinatenge zaka zambiri. Tsiku lina ali pa mpikisano, akutsika phiri, mbuzi inadumphira mumsewu. Ntchafu inathyoka, madokotala anaikamo chitsulo, ndipo mwana amene anachoka kuno akuthamangira boti anabwerera atamunyamula pamachila. Njinga inabwera pambuyo pake, yomangidwa ndi chingwe, gudumu lakutsogolo litapindika.

Za chaka chimenecho sindifuna kulemba zambiri. Ndinamusambitsa munthu wandevu ngati khanda. Ndinamutembenuza pamphasa, ndinataya zotaya, ndinamuphunzitsanso kuyenda atakoloweka mkono m'khosi mwanga, ndipo msana wanga unathera pamenepo. Anaima, tithokoze Mulungu. Koma mwendo unapola uli waufupi, moti ankatsimphina kwambiri, ndipo m'bwato sankatha kukhalamo nthawi yaitali. Mkazi wake anapirira mmene akanathera, kenako anatenga mwana n'kubwerera kwawo kutsidya. Sindimuweruza, nayenso anali mwana wa eni. Mwana wanga anakweza njinga ija kudenga, pamitanda ya m'nyumba, napita kukakhala pansi pa mtengo wa mango pamene amuna amasokera maukonde. Poyamba ankasoka nawo. Kenako ankangokhala. Kenako kunabwera kachasu.

Njinga ija inasanduka chinthu cha m'nyumba ngati mtanda womwe. Ndinkapachikapo chimanga cha mbewu, ndi mpango wanga wa kutchalitchi ndikachapa nthawi ya mvula. Mavu anamanga zisa pansi pa chishalo. Zaka zonsezo pemphero langa linali limodzi, m'mawa ndi pogona, ndi Lamulungu ndikagwada pa guwa: Ambuye, mudzutseni pansi pa mtengo uja. Sindinawauze Ambuye kuti amudzutse ndi chiyani. Sizinandibwerere m'mutu.

Tsiku limene alamu anandiuza lija, nditafika kunyumba ndinapeza njinga yatsika kale. Chimanga changa anachiika bwinobwino m'lichero, mpango ataupinda. Iye anakhala pakhonde akupala zisa za mavu ndi mpeni. Ndinatula dengu, ndinaima.

"Amama, musayambe kulira ndisanakwere n'komwe."

"Sindikulira, bambo. Ndikungofunsa kuti ulendo uno wokunyamula akhala ndani, poti ine msana unatha."

Anapitiriza kupala. Pambuyo pake ndinamva kwa alamu omwewo kuti mnzake wakale wa ku Mzuzu ndiye anamutumizira matayala ndi gudumu, ndi uthenga woti mipikisano ya mtunda wautali ija ikuchitikabe, ndipo ikubwerayo ili m'nyengo yozizira.

Ndinakhala masabata osatchula nkhaniyo. Ndinkamuikira nsima yake ya kondowole ndi usipa, n'kuchokapo. Koma pachilumba palibe chobisika. Njira zathu ndi za miyala, mchenga ndi minga, ndipo timatayala towonda tija sitikanapirira. Choncho m'mawa uliwonse ankaika njinga paphewa n'kuyenda nayo chotsimphina kudutsa m'mudzi monse. Amayi kudambwe loviikamo chinangwa ankati ku Khuyu zinthu zatembenuka, njinga ndiyo ikukwera munthu. Anzake a pansi pa mango ankamukuwira kuti aitsitse ipume, yatopa. Ine ndinkaseka nawo pang'ono kuti ndisaoneke, koma mumtima ndinali wolema ngati ndasenza madzi tsiku lonse.

Malo athyathyathya aatali pachilumba pano ndi amodzi okha, ku bwalo la ndege. Masiku opanda ndege n'kumene ankapita. Tsiku lina ndinamanga chitenje n'kunena kuti lero ndikamutenga, ndikamuuza pamaso pa aliyense amene alipo kuti ngati sadzimvera chisoni, andimvere ine. Ndinayenda ulendo wonsewo ndikukonza mawu m'kamwa.

Nditafika ndinaima pansi pa mlambe. Kutali ndinaona munthu akubwera pa njinga, atawerama, miyendo ikuzungulira mofanana, mosalala. Anafika kumapeto, anatembenuka, nabwerera. Anafikanso kumapeto ena, natembenuka. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwana wanga, poganiza kuti wabwereka njingayo mlendo wina. Inu, zaka zonsezi ndinkamudziwa ali patali chifukwa cha kutsimphina. Pagulu la anthu ochoka kumaliro ndinkangofuna phewa limene likutsika ndi kukwera. Tsiku limenelo phewa silinkatsika. Atadutsa pafupi m'pamene ndinaona kuti ndi iyeyo, ndipo pa pedulo ya mwendo waufupi uja anakhomerapo kathabwa kuti miyendo ilingane.

Sanandione. Ankangopita ndi kubwerera pakamalo komweko ngati nsomba m'beseni, thukuta lili chuchuchu, nkhope ili ija anali nayo asanagwe. Nditaima choncho ndinakumbukiranso kuti papita nthawi ndisanamve fungo la kachasu pa malaya ake pochapa. Ndinali nditazindikira, koma chifukwa cha mkwiyo sindinaziike pamtima.

Mawu onse ndinakonza aja ndinabwerera nawo kunyumba. Lamulungu lotsatira ndinagwada n'kuwauza Ambuye mosabisa kuti sindinakondwe ndi yankho lawo, koma ndaliona.

Ngakhale zinali choncho, pamene anandipempha kuti ndimupempherere za ulendo wa ku mpikisano, sindinathe. Ndinangoti ndamva. Anandiyang'ana, nalowa m'nyumba.

Tsiku la sitima ndinati ndingomuperekeza, poti mwana sapita paulendo mayi ali kumunda. Amene munafikako kuno mukudziwa mmene tinkakwerera masiku amenewo: sitima imaima patali, ndipo anthu amalowa m'madzi kukafika pa boti lowatengera kumeneko, aliyense ndi katundu wake pamutu, kukankhana ndi matumba a usipa. Nyanja inali ndi mwera. Iye anamasula gudumu lakutsogolo kuti njinga isakole anthu, naikweza m'mwamba ndi dzanja limodzi, gudumu kudzanja linalo. Atangolowa m'madzi funde linamumenya, mwendo waufupi uja unaphonya pansi, ndipo anadzandira. Ndinaona kuti agwa, njinga imira, anthu aseka, ndipo abwerera pansi pa mango. Sindinaganize kawiri. Ndinalowa m'madzi ndi chitenje changa chabwino, ndinamulanda gudumu lija n'kulisenza pamutu ngati lichero.

"Amama, munyowa."

"Ndanyowa kale. Gwira njinga yako ndi manja awiri, uyende."

Tinayenda choncho mpaka madzi anandifika m'chiuno. Pa boti m'pamene ndinamugwira pamutu ndi dzanja lonyowa n'kupemphera. Silinali pemphero lalitali, poti mwini boti ankakuwa kuti agogo achoke, injini ikulira. Ndinangoti Ambuye, mwamudzutsa ndinu, mumubweze akuyenda yekha.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Mafoni a m'manja anali atayamba kufika pachilumba, ndipo aphunzitsi ena oyandikana nafe anati nditha kuyimba pa yawo, koma ndinakana. Ndinkaopa kumva mawu a munthu wachilendo kumbali inayo.

Anabwera ndi sitima yotsatira. Anatsika yekha, popanda machila, koma mwendo unali utatupa mpaka buluku kuthina. Panjira yopita ku Khuyu tinkapuma pafupipafupi, ndipo anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati anyamata a masiku ano ali ndi njinga zopepuka, ndipo ankamutchula kuti madala, ena kumufunsa ngati kathabwa kaja ndi mankhwala. Anamusiya m'mbuyo pa chitunda choyamba penipeni. Pofika pa phiri lija anagwera, anatsika n'kuyenda pansi akukankha njinga mpaka kumunsi, kenako anakweranso. Pamene ankafika kothera, anzake anali atadya kale, ena atakwera magalimoto kupita kwawo. Anapeza munthu mmodzi akupinda nsalu imene anaimangirira pamsewu, ndipo ameneyo ndiye anamupatsa madzi. Ndinamufunsa funso langa lakale lija, kuti nanga wakatengako chiyani. Anaseka, koyamba kuseka mokweza m'zaka zambiri, nati palibe, ndangofika.

Kunyumba ndinatereka madzi n'kuyamba kumuthowa mwendo, m'mawa ndi madzulo, mpaka kutupa kunaphwa. Manja anga si aja akale. Pofinya nsalu yotentha zala zimandiwawa, ndipo podzuka pamphasa ndimayamba ndagwira khoma.

Chiyambire pamenepo wapitanso chaka ndi chaka. Sanapambanepo, ndipo bulangete lina silinabwere. Akabwerako ndi zomwezo, mwendo wotupa, madzi pamoto, ine ndi nsalu yanga. Pansi pa mango sanabwererenso. Anamanga kachisakasa pafupi ndi nyumba pamene amakonzera nyali za asodzi, mawilibala, ndi njinga zochepa za anamwino ndi aphunzitsi ochokera kumtunda. Chaka chatha anawoloka kukaona mwana wake kutsidya atamugulira nsapato. Zonsezi ndimathokoza, ndipo sindithokoza ndi pakamwa pokha.

Koma ndisaname, ndatopa. Kuchipatala anamuuza kuti chitsulo chija sichikondwa ndi zimene akuchita, ndipo tsiku lina chidzamuvuta. Iye anamva, ine ndinamva. Ndikafuna kumuletsa ndimakumbukira mtengo wa mango uja, ndikafuna kumulimbikitsa ndimakumbukira machila. Ndiye ndimangomuchapira malaya. Pamene ndikulemba pano nyengo yozizira yayandikanso, ndipo m'mawa uno wadutsa pakhomo njinga ili paphewa. Sindikudziwa ngati chaka chino ndikhala ndi mphamvu zolowa m'madzi ndi gudumu pamutu, koma alamu anga ati tikalowa tonse awiri.

Inu amene mwawerenga mpaka apa, mukamagwada kwanuko mutiikeko ifenso: mwana wanga ndi mwendo wake, mdzukulu wanga ali kutsidya uja pamodzi ndi mayi ake, alamu anga, ndi ine, kuti manjawa asaume iye asanaleke kuwafuna.