Nthungululu Imene Inagwetsa Mwana Wanga pa Hatchi

Anzanga, nkhani iyi ndikaifotokoza kwathu ku Ntcheu anthu amaseka n'kumati moyo wa ku Ulaya wandiphunzitsa kupeka, koma ndikunenetsa pamaso pa Mulungu kuti palibe chimene ndawonjezera, ndipo wokayika abwere adzaone yekha chipsera chili pa bondo langa lamanzereli. Maina sinditchula, ngakhale la hatchi yomwe, chifukwa Amalawife ku Bradford kuno tilipo ochepa, ukangotsokomola m'basi m'mawa, pofika madzulo onse amakhala atamva kuti wagonekedwa.

Ine ndine nesi. Ndinabwera kuno kalekale ndi bambo akunyumba, ndipo mwana wathu wamkazi, yekhayo amene Mulungu anatipatsa, anabadwira konkuno. Chichewa amamva bwinobwino, makamaka mukamamunena, koma poyankha ndiye Chingerezi chokhachokha, chija chotulukira m'mphunochi. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anapita ndi anzake a kusukulu kukaona khola la mahatchi kunja kwa tauni, kumene nyumba zogundizanazi zimathera n'kuyamba mapiri a nkhosa, ndipo anabwerako mutu utazungulira. Ana a anzanga akufuna udokotala, wanga akufuna kuwola ndowe! Ndinakalipa, ndinapemphera, ndinamuuza kuti kwathu chiweto timadya kapena kuchimangirira pa ngolo, osati kuchipesa tsitsi, koma mwana osamva. Bambo ake anati timusiye, zimukwana yekha. Mpaka lero sizinamukwane.

Mwini khola anali mayi wachikulire wachizungu, wamfupi, wosaseka, amene sindinamuonepo atavala china kupatula majombo ndi jekete yonunkha hatchi. Ataona khama la mwanayo anamupatsa hatchi ina imene aliyense ankaikana, yoti kale inkathamanga mijaha n'kuipumitsa. Chinyama chachitali, msana wake wolekeza m'mutu mwangamu, koma mantha ake, inu! Jumbo ikauluka chadumpha, munthu akatsegula ambulera chathawa, ngakhale chithunzithunzi chake chomwe chinkachidzidzimutsa. Zaka ziwiri zathunthu mwana wanga anali nayo hatchi imeneyo, mvula ndi chisanu. Anayamba n'kuizungulitsa pa chingwe chachitali, kenako kuiyendetsa pamwamba pa mitengo yogoneka pansi, kenako tizipika ting'onoting'ono. Zoti iponde m'madzi zokha zinatenga dzinja lonse, iye atalowa m'chithaphwi mpaka m'mawondo akuinyengerera. Ine ndikaweruka ku wodi ndinkangomutula n'kukhala m'galimoto mawindo otseka, chifukwa tsiku lina chinyamacho chinandinunkhiza duku ndipo sindinafunenso chibale nacho.

Kenako inafika nthawi ya mpikisano wake woyamba, wokhala ndi mayeso atatu tsiku limodzi. Dzulo lake mwana anandikhazika pampando ngati ine ndiye mwana, n'kuyamba kundipatsa malamulo. Anati ndisatenge ambulera, ndisamuitane dzina lake la kunyumba, ndipo koposa zonse, chonde chonde, ndisaimbe nthungululu. Nkhani yake inali yakuti ali ku pulaimale analandira mphoto ine n'kululutira m'holo, mphunzitsi wamkulu n'kugwetsa mapepala, ndipo anzake anakhala akumuyeserera chaka chonse. Zinandiwawa kwambiri. Ndinamuuza kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, iye n'kuyankha kuti za mwendo sakuzidziwa, akunena za pakamwa. Ndinalonjeza.

Ndinapita ndi mnzanga wa ku Zambia amene timagwira wodi imodzi, ndipo apa ndiye panali kulakwa kwanga koyamba, chifukwa pa nkhani ya phokoso ine ndimamugwadira. Mayeso oyamba anali ovinitsa hatchi m'bwalo laling'ono, iyende, ithamange pang'ono, ikhote, iime. Anthu anali zii ngati pamaliro a munthu wopanda abale, mwana akamaliza n'kuwomba m'manja ndi zala ziwiri. Mwana wanga analowa atakhala njo, hatchi ikuponya miyendo mwaulemu, ndipo pakhosi panga panayamba kuyabwa, koma ndinameza. Mayeso achiwiri anali odumpha mitengo yopakidwa utoto, ndipo sanagwetse ndi umodzi womwe. Pamenepo ndinachita kuluma nsonga ya duku, mnzanga atandigwira dzanja mpaka kundisiyira zikhadabo. Kodi munayamba mwasungapo chimwemwe m'mimba maola anayi? Chimapweteka kuposa mkodzo.

Mayeso achitatu ndiwo oopsa, othamanga m'minda n'kumadumpha zipika, mipanda ndi maenje. Ife tinakaima pa chingwe pafupi ndi dziwe, pamene hatchi imadumpha chipika chachikulu, n'kuponda kangapo, kenako n'kudziponya m'madzi. Tinamva mgugu, ndipo mwana wanga anatulukira kuseri kwa mitengo atawerama pakhosi pa hatchi, liwiro lake losaneneka. Anafika pa chipika chija, ndipo chinyama chimene chinkathawa jumbo chinauluka mwamyaa, n'kutera bwinobwino tsidya linalo. Paja akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine sindikumbuka kuti ndinaganiza zoimba, ndinangomva nthungululu ikutuluka yokha, yakuthwa, ya paukwati weniweni, ndipo mnzanga wa ku Zambia uja anailandira pomwepo.

Zimene zinatsatira ndimaziona mpaka lero ndikatsinzina. Hatchi inatukula mutu, maso oyera kuti mbee, n'kudumphira chammbali. Mwana wanga anapitirira yekha m'malere, ndipo ali m'mwamba momwemo panamveka kuti phuu ngati mfuti. Anakagwera m'mphepete mwa madzi n'kungoti zii, osagwedezeka.

Chingwe ndinadutsa pansi pake kapena pamwamba, sindikudziwa. Anthu ankaimba mawezulo n'kumakuwa kuti ndibwerere, ine osamva, ndipo ndili pakatikati ndinaona kuti hatchi yatembenuka ikubwera kumene kuli ine, zingwe zili lendelende, nthaka ikunjenjemera. Ndinagwa chogwada pamiyala, ndipo ndi pamene ndinapezera chipsera chija. Inandidutsa pafupi moti mphepo yake inandivula duku. Ndinakwawa mpaka pa mwana, ndipo chimene ndinapeza, abale anga, musadzachione. Mwana anali atatupa chifuwa, msana mpaka m'khosi, ndikamugwira ali gwa ngati tayala, maso ali tong'o, kukamwa yasa koma mpweya osalowa. Ine nesi wa zaka zonsezi ndinadziwa kuti munthu akatupa msanga choncho ndiye kuti m'kati mwaphulika china. Sukulu yonse inandithawa m'mutu. Ndinayamba kulira maliro m'Chichewa chenicheni, ndikuti mayo ine, mwana mmodzi yekhayu ndamupha ndi pakamwa panga.

Achipatala a pampikisanopo anafika akuthamanga, ndipo wina anandikankhira pambali mwaulemu. Ndinamukalipira kuti ine ndine nesi, iye anandiyang'ana, mutu wopanda duku, bondo likuchucha magazi, n'kundiuza kuti lero ndikhale kaye mayi chabe. Ndiye ndinamva kuti fyii, ndipo mwana anayamba kuphwa ndikuona. Kani chimene anavala, ine n'kumachiyesa chijekete wamba, chinali chovala chodzipopa chokha munthu akagwa pa hatchi, kuti nthiti ndi msana zitetezeke, ndipo mfuti ija inali kabotolo kake ka mpweya! Ine ndikanadziwa bwanji, poti masiku onse ndinkakhala m'galimoto? Mwana anakoka mpweya kamodzi, kawiri, ndipo mawu ake oyamba anafunsa ngati hatchi yavulala. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

Anathyoka fupa la paphewa. Tinapita naye kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, ndipo anzanga atafunsa kuti chachitika n'chiyani, iye anangoti hatchi inadzidzimuka ndi phokoso linalake. Sanandiulule, ndipo zimenezo zinandilasa kuposa akanandizazira. Kunyumba anasiya kundilankhula, ngakhale Chingerezi chimene ndinkadandaula nacho chija ndinayamba kuchisowa. Ndikalowa pabalaza iye akukwera kuchipinda, akafuna kanthu akutuma bambo ake. Kukhola nakonso zinthu zinali zitabwerera m'mbuyo, hatchi inkakana ngakhale kuyandikira chithaphwi, ntchito ya zaka ziwiri itathera pa kamphindi kamodzi. Ndinkalira m'bafa madzi akutuluka kuti asandimve, chifukwa ndinaona kuti mwana amene Mulungu anandibwezera pa dziwe paja ndikumutaya m'nyumba mwanga momwe.

Patatha milungu itatu ndinati kwathu ukalakwa sutumiza uthenga pafoni, umapita wekha. Ndinakazinga mandasi, ndinavala chitenje, ndinakafika kukhola n'kugwada m'matope pamaso pa mayi wachikulire uja. Iye anadabwa, anandidzutsa mokoka, anadya ndasi limodzi ali chiimire, kenako anandiuza kuti ndibwerezenso phokoso lija. Ndinayesa akundinyoza ndipo mtima unayamba kutentha, koma nkhope yake inalibe nthabwala. Anati hatchi siopa chinthu chifukwa n'choipa, imaopa chimene sinachizolowere, ndipo iwo anaizoloweza maambulera, agalu ndi mathirakitala, koma palibe anaganiza zoizoloweza ine. Anati popeza mayi wa mtsikanayo sapita kulikonse, hatchi ndiyo iyenera kuphunzira.

Umu ndi mmene ine, mayi waulemu wanga, ndinasandukira chipangizo chophunzitsira hatchi. Tsiku lililonse limene ndinali pa ofu ndinkakwera kaphiri kuseri kwa khola, kukaima patali pakati pa nkhosa, mayi uja akakweza dzanja ine n'kululuta, hatchi ikangokhala osathawa n'kuipatsa karoti. Nkhosa zinkabalalika. Bambo wina woyendetsa galu anabwera kudzandifunsa ngati ndikufuna ambulansi. Mlungu uliwonse ankandisendeza pafupi pang'ono, kuchoka paphiri kufika pa mpanda wa miyala, kuchoka pa mpanda kufika pa geti. Mwana wanga ankaima potero mkono uli m'nsalu, nkhope atayang'ana kumbali, koma tsiku lina mvula ikugwa, ine ndikululuta madzi akulowa m'kamwa mpaka kutsamwa, ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Ankaseka, uku akugwira phewa lothyoka lija chifukwa cha ululu. Ine ndinangowonjezera mphamvu.

Pofika kumapeto kwa dzinja, hatchi ikamva nthungululu inkabwera yokha kudzandipisa m'thumba kufuna karoti, ndipo ine amene ndinkatseka mawindo ndinkaikanda pamphumi. Za madzi nazonso tinayambiranso pamodzi. Ankandiimika tsidya lina la chithaphwi karoti ali m'manja, ndikaimba, chinyama chija n'kuwoloka kubwera kwa ine.

Chaka chotsatira tinabwereranso pamalo omwe aja. Mnzanga wa ku Zambia ndinamusiya dala, ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ngakhale mwana apambane dziko lonse, ine pakamwa ndatseka. Koma atatsala pang'ono kuyamba mayeso a m'minda aja, mwana anandikodola ali pa hatchi, anawerama, ndipo anandilankhula m'Chichewa, chopindikapindika koma Chichewa. Anati amayi, mukaime pamadzi paja, ndipo mukaimbe kwambiri. Ndinapita kukaima pa chingwe misozi ili chuchuchu, ndipo atatulukira n'kudumpha chipika chija, nthungululu inakana kutuluka. Hatchi inafika m'mphepete mwa dziwe n'kuyamba kuzengereza, makutu akutembenukira uku ndi uku, ndipo ndinazindikira kuti ikufunafuna ine. Mwana anakuwa kuti amayi! Pamenepo ndiye inatuluka nthungululu yoti ngakhale ku Ntcheu anaimva, ndipo hatchi inadziponya m'madzi kuti khuvuu n'kutulukira tsidya linalo mwana ali pamsana. Azungu amene anali pambali panga anadumpha, wina anataya tiyi, koma zimenezo ndi zawo.

Chikho sanatenge, anathera pakatikati, koma ine ndilibe nazo ntchito. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti akulu aja sananame kuti kwa eni kulibe mkuwe, pakuti chimwemwe changa chosafunsa chinatsala pang'ono kundiphera mwana. Komanso ndinaona kuti ngati hatchi yoopa jumbo inatha kuzolowera mawu a kwathu, ndiye kuti mwana wobadwira kuno angathenso, bola uyambire patali n'kumasendera pang'onopang'ono. Tsono amayi anzanga, mukaona mwana wanu ali pamsana pa chinyama chimene sichikukudziwani, lumani duku mpaka akupempheni yekha. Wanga mpaka lero amandiyankha m'Chingerezi, koma tsiku limene anafunadi mayi ake, anandiitana m'Chichewa.