Njinga Zopanda Mwini za a Sumaili

Ine ndimasoka zovala pa Thambani, ndipo khonde langa layandikana ndi la a Sumaili, okonza njinga. Ndi bambo wamfupi, wa ndevu zaimvi, amene sangaone chinthu osafuna kudziwa kuti m'kati mwake muli chiyani. Wailesi yanga anaimasulapo ili bwinobwino, akuti angoona. Mpaka lero imalankhula ngati ili ndi chimfine.

Tsiku lina kunabwera a Luckson, dalaivala wa thiraki amene amadutsa kawirikawiri pa malire a Mwanza. Anationetsa kanema pa foni: mzinda wina wakunja, njinga zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Munthu amangofika, n'kutenga imodzi, n'kukaisiya pamalo ena otero pafupi ndi kumene akupita.

"Mwini wake ali kuti?" anafunsa a Sumaili.

"Palibe amene amamuona, achimwene. Ndi za aliyense."

"Ndiye munthu akatha, amathokoza ndani?"

A Luckson anaseka, koma a Sumaili sanaseke. Anaonera kanemayo mobwerezabwereza mpaka foni inathima.

Patapita milungu ingapo, ndinaona a Sumaili akusolola mafupa a njinga zakale kuseri kwa shopu. Apa tcheni, apa chishalo, apa masipoko. Zitatha anazipaka penti yachikasu yowala ngati ya basi ya sukulu. Zina anaziimika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chipatala, zina anakazisiya pansi pa mkuyu m'mudzi wina wa kumapiri, njira yopita kwa Kanduku. Lamulo linali limodzi: tenga pamtengo uwu, kasiye pamtengo uwo, usafunse munthu.

Anthu anati bamboyu wayamba kuzungulira mutu. Akabaza anadandaula kuti awaphera msika. Koma ine ndinkadziwa amene amakhala pafupi ndi mkuyu umenewo.

Ndi Ruqayya, mwana mmodzi yekhayo wa a Sumaili, ndipo anali woyembekezera. Mwamuna wake Akram ndi mnyamata wolimbikira, koma wouma mutu ngati chitsa. Anakana kukhala pakhomo pa apongozi, n'kukatsegula munda wa chimanga ndi manachesi kumapiriko. Chilichonse chochokera kwa a Sumaili ankachibweza mwaulemu. Anamupatsapo njinga, iye n'kuibweretsa mawa lake atatsuka, akuti adzagula yake akakolola. Tsono kuchokera kumeneko kufika kuchipatala ndi ulendo wotopetsa, ndipo a Sumaili ankaopa kuti tsiku la mwana wawo lidzafika pakhomo palibe chokwera. Njinga ya apongozi Akram sakanailandira. Koma ya aliyense?

Tonse tinkayembekeza kuti njingazo zibedwa. Sizinabedwe ngakhale imodzi. Vuto linachokera kumene sitinkaganizako n'komwe.

Kuno kwathu chinthu chobwereka sumasiya pansi pa mtengo ngati chotola. Umachibweza m'manja mwa mwini wake, n'kuthokoza. Ndipo ngakhale a Sumaili ankanena kuti njingazo zilibe mwini, aliyense ankadziwa amene anazipaka penti.

Woyamba anali a Yakobe, mlimi wa kumkuyu komweko. Anatsika ndi njinga imodzi kudzagula feteleza, ndipo m'malo mokwera nayo pobwerera, anaikankha mpaka pakhonde, atamangirira manachesi pakaliyala.

"Ndabweza njinga yanu, bambo. Zikomo kwambiri."

"Si yanga. Bwererani nayo, mukaisiye pamkuyu."

"Ndiisiye panja? Anthu anena kuti sindinaleredwe."

Anasenza thumba lake paphewa n'kuyamba kukwera phiri wapansi. Mayi Esime anachita zoposa pamenepo. Anatenga njinga pamtengo wa mango, anakatula ufa kwawo kumapiri, anatsikanso nayo kudzabweza, kenako anabwerera wapansi dzuwa likuswa mtengo. Posakhalitsa njinga zonse zachikasu zinali pakhonde la a Sumaili, pamodzi ndi mtedza, mazira ndi tambala mmodzi wamakani. Pamkuyu panalibe kanthu.

Ine zinkandiseketsa, koma zinkandipwetekanso mtima. M'mawa uliwonse, akachoka kumzikiti, bambo wamkulu uja ankakankha njinga kukwera nayo phiri, n'kutsika wapansi. Akafika masana, ankapeza yomwe anasiya dzulo yabwezedwa kale, wina atakhala pabenchi kudikira kuti athokoze.

"Bwanji osangowauza anthuwa zoona?" ndinawafunsa.

"Akram akamva, sadzaikhudza," anayankha, akusisita bondo. Kenako anawonjezera kuti akufunitsitsa kudziwa kuti anthu a mumzinda uja analeredwa bwanji, kuti azitha kungochoka osathokoza.

Matenda a Ruqayya anayamba msanga, masiku amene anauzidwa kuti akadikirire kuchipatala asanakwane. Zimene zinachitika ndinazimva kwa Mayi Esime, amene analipo. Unali m'mawa. Ruqayya anali atakhala pamizu ya mkuyu, amayi atamuzungulira. Akram anali atathamanga kale m'makomo awiri amene ali ndi njinga, koma eni ake anali atapita nazo kumsika. Foni ya wakabaza sinkapezeka. Pamkuyu, monga mwa masiku onse, panalibe njinga.

Ndiye anatulukira a Sumaili, thukuta lili kamukamu, akukankha yachikasu.

Akram anaima njii. Ruqayya anangoti, "Ababa." Mayi Esime akuti aliyense anaganiza kuti bamboyo athamangira kwa mwana wawo, kapena apereka njinga kwa mkamwini n'kumukumbutsa za makani ake. Sanachite zimenezo. Anadutsa osayang'ana munthu, anatsamiritsa njingayo pamkuyu, anapukuta chishalo ndi mkono wa malaya, n'kupita kukaima patali atatembenukira kumunda, ngati akuona mmene chimanga chakulira.

Akram anaitenga. Amayi anayala chitenje pakaliyala, anamukweza Ruqayya, ndipo anatsika naye pang'onopang'ono, awiri atamugwira uku ndi uku. A Sumaili anatsatira kumbuyo kwenikweni, akutsimphina.

Ruqayya anachira madzulo a tsiku lomwelo, mwana wamkazi. Mawa lake a Sumaili anakhala pakhonde osagwira sipanala, maso ali kunjira ya kuchipatala. Ndinadziwa chimene ankaopa: kuti Akram atulukira akukankha njinga yotsukidwa bwino, kudzathokoza ndi kunena kuti sadzabwerekanso.

Dzuwa linapendeka, Akram osabwera. Ndinatseka makina n'kupita kukaona mwanayo. Pobwerera ndinauza a Sumaili kuti njinga ija yaima pansi pa mtengo wa mango, matope ali mbuu, ndipo Akram waidutsa kawiri ngati sakuidziwa.

A Sumaili anavula chipewa, n'kubisamo nkhope kanthawi.

"Sanathokoze?" anafunsa.

"Ngakhale pang'ono."

"Mwana wabwino," anatero.