Mafoda osatseka

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a makompyuta ndinaipeza kwathu konkuno ku Senga Bay, m'kabungwe kena kothandiza asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba. Antchito a bungwelo ankayenda m'madoko kujambula ndi mafoni usipa ndi utaka woyanika pathandala, kenako zithunzi zonsezo ankazikhuthulira m'kompyuta imodzi ya muofesi, zosakanikirana. Kufuna chithunzi chimodzi kunkakuthera m'mawa wonse.

Ndinalemba pulogalamu m'chilankhulo cha C. Inkalowa m'foda iliyonse, kuwerenga mayina a mafayilo limodzilimodzi, kuona doko ndi tsiku, n'kusamutsira chithunzi chilichonse m'foda yake. Fodayo ikakhala kuti palibe, inkaipanga yokha. Ndinaivutikira nyengo yonse ya mwera, magetsi akuzimazima, laputopu ikundiwotcha pamiyendo.

Muofesimo munali mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku koleji. Ntchitoyo ndinachita kumupemphera ndine. Tsiku lina anabwera padesiki panga ndi fulashi.

"Iwe, tandikopereko pulogalamu yako ija, ndikaphunzireko kunyumba."

Ndinamukopera. Sabata yomweyo amayi anadwala ku Chitala, ndipo ndinapempha tchuthi kukawasamalira. Pobwerera ndinapeza nkhani yasintha. Mnzanga uja anali atafufuta dzina langa pamwamba pa mafayilo onse a pulogalamuyo, n'kuionetsa kwa abwana ngati yake. Bungwe linkachepetsa antchito, ndipo wa makompyuta ankafunika mmodzi.

"Mayi, mwatithandiza ndithu," anatero abwana, maso ali pakhoma. "Koma mnzanuyu ndiye watipangira chinthu chooneka."

Ndinawauza kuti ndinalemba ndine. Anamwetulira ngati akumvera mwana wodandaula. Mnzangayo ndinamupeza panja, pansi pa mtengo wa mango.

"Aaa, si paja tinkathandizana? Usakulitse nkhani," anatero.

Sindinalire. Ndinakumbukira chinthu china, mtima n'kukhala m'malo. Pulogalamu imene anakoperayo inali ndi chilema: inkatsegula mafoda koma osawatseka ikamaliza. Mafoda akakhala ochepa palibe chimene chimaoneka, koma kompyuta ili ndi malire a zinthu zomwe imalola kukhala zotsegula nthawi imodzi. Ndili ku Chitala ndinachiona chilemacho, n'kuchikonza palaputopu yanga ndi mzere umodzi wokha, wa closedir, lamulo lotseka foda. Ndinabwera ndi maganizo omupatsa. Ndinatseka pakamwa.

Ndinayamba kuthandiza azakhali m'golosale yawo ku Salima. Ndikaona amayi akutsika minibasi ndi madengu odzaza usipa, ndinkasekerera ndekha. Nsomba zikachuluka zithunzi zichuluka, zithunzi zikachuluka mafoda achuluka. Kutchalitchi anthu akamapempherera asodzi, ameni wanga ankamveka kuposa wa aliyense.

Foni inalira tsiku lina masana, ndikupimira kasitomala shuga. Anali mnzanga uja, akunong'ona.

"Chonde ndithandize. Kwabwera alendo a ku Lilongwe ndi zithunzi za madoko ena. Pulogalamu yaima pakati. Ikuti mafayilo otsegula achuluka. Zithunzi zina zasamuka, zina sizinasamuke, sindikudziwa pogwira."

"Uli kuti?"

"M'bafa."

Ndinamanga kaye shuga uja, kasitomala n'kumapita.

"Funsa amene anailemba," ndinatero.

"Usatero, ndapota nawe."

"Bwerera muofesi. Ika foni pathebulo, ukweze mawu onse amve. Apo ayi, ndikudula."

Ndinamva chitseko, mapazi, kenako mipando ikukwekwesa. Abwana anafunsa kuti akulankhula ndi ndani.

"Muli bwanji, bwana? Ndine amene munandichotsa uja. Mnzangayu ali ndi mawu."

Kenako mnzanga uja analankhula, mawu ake ang'onoang'ono.

"Pulogalamuyi analemba ndi iwowa. Ine ndinangokopera."

"Alendo akumbuyo sanamve," ndinatero.

Anabwereza mokweza. Azakhali anali ataima pakhomo la golosale, dzanja lili pakamwa.

Abwana anandipempha kuti ndibwere nthawi yomweyo, akuti atumiza galimoto. Ndinawayankha kuti ndili pantchito, ndibwera mawa. Mzere umodziwo ndikanatha kuwauza pafoni pomwepo, koma ndinkafuna kuti tsikulo alimve lonse, mpaka alendo akwere galimoto yawo osaona kalikonse.

M'mawa mwake ndinapita pakabaza, mosafulumira. Kukonza pulogalamu sikunatenge nthawi. Chomwe chinanditayitsa tsiku ndi kusanja zithunzi zomwe zinatsalira panjira. Mnzangayo anakhala pakona, osadzutsa mutu. Abwana anandibwezera ntchito, koma mawu oti pepani sanawatchule, ndipo zimenezo ndinazisunganso. Ndinagwira mpaka nditapeza ntchito ina, n'kuwasiya pakati pa nyengo ya usipa.

Mnzanga uja anachoka yekha mwezi usanathe. Ndimamva kuti ali ku Lilongwe, akugulitsa mafoni. Mlongo wake anandiimitsa tsiku lina pamsika, akuti ndinamuchititsa manyazi mopitirira, ndikanangomuitanira pambali. Ndinamufunsa mtengo wa tomato wake, n'kukagula kwa mayi wina woyandikana naye.