Tinachotsa Kabokosi Kodya Mawu

Khutu langa lamanzere likulirabe mpaka lero, koma musandimvere chisoni. Ndinazifuna ndekha.

Loweruka lapitali unali ukwati wa msuweni wanga Tamanda, mu holo ina pa Chonde. Bambo ake, malume anga a Fulaye, anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unapindika. Ndi munthu wa mawu apansi kwambiri, moti akamakalipira mbuzi, mbuziyo imachita kuyandikira kuti imve mlandu wake. Koma pa tsikuli anali ndi mawu oti anene, ndipo anawakonzekera masabata atatu.

Akazi awo anamwalira Tamanda asanayambe kukwawa. Anamulera ndi mlamu wawo, mayi Edesi, mng'ono wa malemuwo. Mayiwa anakana amuna awiri ofuna banja chifukwa onse ankati mwanayo atsale. Zaka zonsezi malume sanathe kuwathokoza pakamwa, manyazi achikulu aja.

"Mphwanga," anandiuza motero, "zikomo wa kukhitchini sakwana. Ndidzanena pagulu, pa maiki, aliyense amve zimene mlamu wanga anachita."

Zokuzira mawu tinahaya kwa mayi Rozina a pa Chitakale, amene ntchitoyi akhala akuigwira kwa zaka zambiri. Ine, monga membala wa komiti wopanda udindo weniweni, ndinapatsidwa ntchito yowanyamulira masipika. Akulumikiza mawaya, ndinaona kabokosi kopyapyala pakati pa mikisa, chipangizo cha mabatani cholandira mawu a maiki ndi nyimbo, ndi maampulifaya awiri. Ndinafunsa ntchito yake.

"Aka ndi purosesa, achimwene," anatero. "Ampulifaya ndi chimphona chopanda nzeru. Chimene mwaipatsa imangokuza, chabwino ndi choipa chomwe. Woganiza ndi aka. Mawu akachoka pa mikisa, kamawagawa. Besi kamaitumiza ku ampulifaya ya masipika aakulu apansiwa, mawu opyapyala ku ampulifaya ya masipika aang'ono apamwambawo. Kamadula kulira kwa maiki kuja kwa tswiii. Ndipo wina akakweza mopitirira, kamaigwira dzanja ampulifaya kuti isaotche zinthu."

"Ndiye ofunika kwambiri ndi aakuluwa?"

"Aakuluwo ndi ogwedeza m'mimba basi. Kuti mumve zimene munthu akunena, ndi aang'onowo."

Kenako anaitana malume kuti ayese maiki. Anadinadina kabokosi kaja, kuchotsa apa, kuonjezera apo. Malume anangoti, "Moni nonse," ndi mawu awo a tsiku ndi tsiku aja. Mayi wina amene ankasesa kukhomo, kumapeto kwenikweni kwa holo, anagwada n'kuyankha kuti, "Zikomo." Malume anamwetulira ngati mwana.

Zonse zinali bwino, ndipo mukudziwa kuti ife zinthu zikakhala bwino timasowa mtendere.

Tsidya la msewu, sitolo ina inali kutsatsa malonda ndi masipika ake. Phokoso lawo linkaposa lathu. Tcheyamani wa komiti, a Namakhwa, anamva ngati atukwanidwa. Bambowa anagwirapo ntchito yosintha mababu ku fakitale ya tiyi, ndipo kuyambira pamenepo mudzi wonse umawatchula kuti injiniya. Iwonso sanakanepo.

"Mayi, uno ndi ukwati kapena maliro?" anafunsa. "Anthu a pamsika sakudziwa n'komwe kuti pano pali zochitika!"

"Amene munawaitana ali m'kati muno, bambo, ndipo akumva," anayankha mayi Rozina.

Yankho lanzeru chonchi kuchokera kwa mzimayi, pamaso pa komiti? A injiniya anakankha okha mabatani a mikisa mpaka kumapeto. Phokoso silinakwere kwenikweni, timagetsi ta pa kabokosi kaja tinangophethira. Anayesa kukadina, koma kanali kokhoma ndi nambala yachinsinsi. Apo ndi pamene anatulukira matenda.

"Kabokosi aka kakudya mawu athu."

Nthawi ya nkhomaliro, a tcheyamani anasonyeza ulemu umene sitinawaonepo nawo. Anaperekeza okha mayi Rozina kuchipinda cha alendo olemekezeka kuti akadye mpunga mwaufatse. Atabwerera anagwada kuseri kwa thebulo, kuzula mawaya mu purosesa, n'kulumikiza mikisa mwachindunji ku maampulifaya onse awiri. Kuseriko kunali kamdima, ndiye panafunika munthu wowaunikira ndi tochi ya foni.

Munthuyo ndinali ine. Ine amene ndinali nditalongosoleredwa zonse m'mawa womwewo.

Abale, kunalira. Malata ananjenjemera, fumbi la zaka khumi linatsika kudenga n'kuthira ndiwo mchere. Amayi anaimba nthungululu. Timagetsi tofiira tinayaka pa maampulifaya osazimanso, ndipo a injiniya anatilongosolera kuti chimenecho ndi chizindikiro chakuti makina ayamba kugwira ntchito. A sitolo aja anagonja. Ine ndinavina pafupi ndi sipika, khutu nditagunditsa, ndikunyadira ngati ndamanga mlatho.

Ulemerero wathu unatha mphindi makumi awiri. Kunabwera kafungo ka pulasitiki wopserera, kenako nyimbo inayamba kumveka ngati ikuchokera pansi pa madzi. Besi yonse ija inali italowa m'masipika aang'ono, amene sanapangidwire katundu wotero, ndipo onse anapsa. Mayi Rozina anafika akuthamanga, m'manja muli mafuta a nkhuku. Sanakalipe. Anangoyang'ana mawaya, n'kuyang'ana ine.

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mwambiwu timaudziwa tonse, ena tinakhoza nawo mayeso. Timangoganiza kuti umanena za ng'oma za anthu ena.

Kodi n'chifukwa chiyani timadana ndi chilichonse chimene chimati "basi, pakwana"? Fyuzi ikapsa kunyumba, sitifunsa chimene yationera. Timaikapo waya wokhuthala, woti asadzapsenso, kuti m'malo mwake idzapse nyumba. Kuchipatala akati piritsi limodzi, timamwa atatu kuti tichire lero lomwe. Dalaivala wa minibasi woyenda bwinobwino kuchokera pa Nkando timamufunsa ngati wanyamula mazira. Wothamanga ngati wathawa kupolisi ndiye timati ndi katswiri, mpaka tsiku limene tidzamuimbire nyimbo zachisoni.

Ndipo taonani kumene masipika athu amaloza. M'matchalitchi ena, sipika yabwino imaikidwa pawindo kuyang'ana kunja, kuti a mpingo wa tsidya adziwe kuti kuno kuli Mzimu wochuluka. Agogo okhala pa benchi yachitatu atuluke osamva vesi ngakhale limodzi, zilibe kanthu. Chachikulu n'chakuti adani amva.

Pamisonkhano n'chimodzimodzi. Munthu wofatsa amene amati "tiyeni tione kaye" timamutcha wobwezera chitukuko m'mbuyo. Wokuwa kwambiri timamusankha kukhala tcheyamani. Maampulifaya tili nawo ochuluka m'dziko muno, m'makomiti, m'maofesi, m'mabanja momwe. Chimene timazula msangamsanga ndi kabokosi koganiza kaja, chifukwa sikaoneka ngati kakugwira ntchito. Kakagwira bwino, palibe chimene chimapsa, ndipo chinthu chimene sichinapse palibe amene amachiombera m'manja.

Tibwerere mu holo.

Mayi Rozina anabwezera mawaya mu purosesa, n'kuyesa kudutsitsa mawu a munthu m'masipika aakulu otsalawo. Anayesetsa ndithu. Koma sipika ya besi sidziwa kutchula dzina la munthu.

Nthawi ya makolo inakwana. Malume anaimirira, atavala jekete yobwereka, pepala lili m'manja. Mayi Edesi sanali kutsogolo. Anali atakana mpando wa mayi a mkwatibwi, amvekere mpandowo ndi wa malemu akulu awo. Anaima kukhomo, kumapeto kwa holo, pomwe panagwada mayi wosesa uja, akuyang'anira mapoto monga mwa masiku onse.

Malume anayamba kulankhula. Milomo inkayenda, koma m'masipika munkangotuluka kuguguda, ngati thirakitala ikudutsa kuseri kwa phiri. Mayi Rozina anapempha anthu kuti akhale chete kuti mwina mawu enieniwo amveke. Akhale chete bwanji, poti aliyense makutu anali atagontha ndipo ankakuwira mnzake wapafupi? Ndinaona malume akuloza kukhomo. Ndinaona akupukuta misozi ndi mkono wa jekete ya eni ake. A tcheyamani anawanong'oneza kuti afupikitse. Milomo itasiya kuyenda, holo yonse inaomba m'manja mwamphamvu, poti ife kuomba m'manja sitidikira kumva.

Tikupakira katundu, a Namakhwa ankauza anthu kuti masipika a mayi Rozina ndi achabechabe, sapirira ntchito. Ndamva kuti asankhidwa kale kukhala tcheyamani wa ukwati wina mwezi wamawa. Luso silibisika.

Ine ndikunyamula sipika yopserera, mayi Edesi anandigwira mkono.

"Mwanangu, iwe unali kutsogolo. Alamu anga amati chiyani? Ndinangoona akulira, akundiloza. Kapena pali chimene ndinalakwitsa pa zophikazi?"

Ndinawauza kuti ayi, zophika zinali bwino. Zina zonse sindikanatha kubwereza, chifukwa nanenso sindinamve liwu ngakhale limodzi.

Lamulungu ndinapita kwa malume. Ndinawapeza pakhonde, nkhope ili ngwee, jekete ija atabweza kale.

"Mtima wanga wapepuka, mphwanga," anatero. "Zaka zonsezi ndinasenza mawu amenewa. Tsopano mlamu wamva."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Inu amene munavina nane tsiku lija, inu amene mumati chokwera ndiye chabwino, tandithandizani. Ndikayambire kwa ndani, kwa malume kapena kwa mayi Edesi? Ndipo ndikafika poti tochi anagwira ndani, ndikanene mokweza bwanji?