Paipi imene inagwira asibweni

Ndikukumbukira mulu wa mapaipi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu, chakumwera kwa Chintheche, nkhondo yaikulu itangotha kumene. Anabwera pa sitima, ndipo anali a chitsime chimene a mishoni ankakumba pafupi ndi kachipatala kawo. Mwera ukamawomba, mapaipiwo ankalira. Kunali kulira kwapansipansi, ngati wodwala akubuula kuseri kwa chitseko, moti amayi opita kukavuula chinangwa ankasiya njira yathu n'kulambalala kumunda. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kulirako sikunkandiopsa, chifukwa inali ntchito ya Ada, bambo anga.

Ada anaphunzira za mapaipi ku migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi chifuwa chosatha, jekete lakuda, ndi pampu yamkuwa yosemphana ndi ya njinga: m'malo mothira mpweya, inkaukoka. Ankati paipi yokweza madzi m'chitsime ikakhala ndi kabowo, ngakhale kosaoneka ndi maso, imangomwa mpweya, madzi osakwera. Choncho iliyonse ankayamba aiyesa isanalowe pansi. Ankalumikiza pampu mbali imodzi, mbali inayo n'kutseka ndi chikhatho cha munthu, kenako n'kukoka mpweya wa m'kati. Paipi yabwino inkagwira chikhatho osachitaya mpaka iwo atatsegula kampopi ka pa pampu. Yobooka inkagwira pang'ono n'kumalekerera yokha. Imeneyo ankaipaka laimu n'kuiika padera.

Zikhatho zawo zinali zong'alukang'aluka ndi ntchito, mpweya unkadutsa m'ming'alumo. Amayi anali atamwalira pobereka chaka chapitacho, atataya magazi ambiri, ndipo pakhomo tinatsala awiri basi. Choncho chikhatho choyesera chinali changa.

Sindinama, masiku oyamba ndinkachita mantha. Chitsulocho chinali chozizira, ndipo Ada akayamba kukoka ndinkamva ngati m'katimo muli chamoyo chimene chandigwira ndi milomo. Iwo ankaima chete, mutu atapendeketsa, akumvetsera, nanenso n'kusiya kupuma. Akatsegula kampopi, paipi inkausa moyo n'kundisiya. M'chikhatho munkatsala chizindikiro chozungulira, chofiira, chimene mawa lake chinkada. Tsiku lina tikutsuka mbale kunyanja, mayi wina anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kulisiya msanga.

Masiku amenewo kunali mphekesera yoti kuli anthu opopa anzawo magazi n'kukagulitsa kwa azungu. Palibe amene anawaonapo, koma zida zawo aliyense ankazidziwa bwino: pampu ndi mapaipi. Ine malungo anali atandiyeretsa m'maso. Anthu anangophatikiza okha kuti mkazi anafa magazi atatha, mwana akuyera, ndipo bambo ali ndi pampu yokoka. Anzanga analeka kudzandiitana. Kutchalitchi benchi lathu linkakhala la ife awiri, ngakhale ena ataimirira kumbuyo. Nkhuku ya oyandikana nafe ikalowa pabwalo pathu, eni ake ankaikusa ndi miyala ali patali.

Nkhaniyi inayenda mpaka ku Usisya, kwawo kwa amayi. Tsiku lina masana, nkhungu, tizilombo touluka tija, zitaima pa nyanja ngati utsi, asibweni anga, mchimwene wa amayi, anakocheza bwato ndi amuna awiri. Anakana mpando, anakananso madzi. Anati mwana wa mlongo wawo ndi wawo, ndipo abwera kudzamutenga asanatsate make. Anthu a m'mudzi anaima m'mphepete mwa munda wa chinangwa, osayandikira.

Ada sanali munthu wa mawu ambiri. Ankakhulupirira kuti chinthu ukamuonetsa munthu, nkhani yatha. Anati, "Alamu, bwerani muone nokha. Mulibe magazi m'menemu, ndi mpweya chabe."

Asibweni sanafune kuoneka amantha pagulu, choncho anasendera. Ine maso anali pa mapaipi a laimu aja. Ndinali mwana, koma ndinadziwa kuti yobooka ikanangowagwira pang'ono n'kuwasiya, iwo n'kuseka, ine n'kutsala pakhomo. Ndinakoka malaya a Ada n'kuwalozera ndi mlomo. Anandiyang'ana, anandimva, n'kupukusa mutu. Anatenga paipi pa mulu wosayesa, monga ankachitira masiku onse.

Chikhatho cha asibweni chinali chokhakhala ndi nkhafi, choncho Ada anawauza kuti aike mkono, pofewa paja pamunsi pa chigongono. Anayamba kukoka. Pankangomveka pampu ndi chifuwa cha Ada. Aka kanali koyamba kuti ndipempherere paipi yobooka, koma imeneyi inali yabwino kwambiri. Inagwira. Ndinaona khungu la asibweni likulowa m'chitsulo, nkhope yawo ikusintha. Anayesa kuchotsa mkono, paipi yonse n'kuwatsatira. Ada, mwa chizolowezi chawo, anali atapendeketsa mutu kumvetsera ngati pali kabowo, ndipo kwa oonera patali anaoneka ngati munthu amene akumva kukoma. Asibweni anakuwa. Kampopi katatsegulidwa, paipi inausa moyo mokweza, amayi ena n'kuthawira m'chinangwa.

Pa mkono panatsala chizindikiro chija. Asibweni anachiyang'ana, kenako analankhula chapansipansi: "Ndamva ndekha chikukoka. Mwana iwe, tenga nsalu yako."

Ada anaweramitsa paipi kuti onse aone kuti simutuluka ngakhale dontho. Palibe amene anayang'ana. Ada anandiperekeza mpaka pamchenga atanyamula kamtolo kanga, ndipo pondikweza m'bwato anatembenuza dzanja langa n'kusisita chizindikirocho ndi chala. Anangoti, "Chidzafufutika, mwana wangu." Bwato litafika patali ndinkamvabe mapaipi akulira kumtunda, kapena mwina anali makutu anga.

Chinafufutikadi. Koma Ada sindinawaonenso, chifukwa chifuwa chija chinawatenga ndisanathe msinkhu. Asibweni anandilera bwino, ndipo anamwalira akukhulupirirabe kuti anandipulumutsa. Kwa zaka zambiri ndinakwiyira Ada kuposa asibweniwo. Paipi yobooka inali pomwepo, ndipo ndinkati Ada anakonda kuti ntchito yawo ioneke yoona kuposa kukhala ndi mwana wawo.

Zoseketsa n'zakuti ndinadzakhala namwino, ndipo ndatenga magazi a anthu ambiri, enienidi, ndi jakisoni. Pa ntchito imeneyi ndi pamene mkwiyo unayamba kundithera. Ada sakanatha kunamiza munthu, ngakhale ndi chitsulo, ndipo pamenepo sanalakwe. Chimene anaphonya n'chakuti paipi ankadziwa kuidikira ndi kuimvetsera, koma mlamu wawo sanamudikire. Munthu uja sanabwere kudzaona pampu. Anabwera ndi maliro a mlongo wake, amene anamva za imfa yake ataikidwa kale, ndipo palibe amene anakhala naye pansi n'kumufotokozera mmene anafera. Munthu wofika ndi mantha, chilichonse chimene ungamuonetse chimangowonjezera manthawo. N'chifukwa chake wodwala akanjenjemera ndinkaika jakisoni pambali, n'kuyamba ndamufunsa za kwawo.

Nditabwerera kumudzi kwathu ndili kale ndi imvi, ndinapeza chitsime chija chikutulutsabe madzi. Adzukulu a anthu amene ankalambalala nyumba yathu anali pamzere ndi ndowa zawo. Ndinafunsa mtsikana amene ankapopa mjigo ngati akudziwa amene anaika mapaipi ake. Anati sakudziwa, n'kundifunsa ngati ndili ndi ludzu. Ndinatchera chikhatho chomwe chija, n'kumwa.